Dziko Likathira Nkhondo Mnansi Wake: Tikambe Nalo Kapena Tilifulatire?

Funso la mwezi uno lioneka ngati la akuluakulu a boma ndi akazembe ovala masuti, koma likhudza ife tonse. Funso lake ndi ili: dziko lina likatuma asilikali ake kulumpha malire ndi kukapha anthu m'dziko la mnansi wake, kodi maiko ena acite nalo bwanji? Kodi alitsekere zitseko zonse, osagula kanthu kwa ilo, osapatsana moni ndi atsogoleri ake? Kapena akhale nalo pansi ndi kukambirana, magazi akali m'manja mwake? Ena adzati kukamba ndi wacifwamba ndiko kumulimbitsa mtima. Ena adzati popanda kukamba nkhondo siitha. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo n'cifukwa cake funsoli lili lolimba.

Ife a mu Lusaka sitifunika kupita kutali kukafuna citsanzo. Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394, imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kucokera mu January 1960 kufikira mu December 1962, pamene anali kutsogolera cipani ca UNIP pomenyera ufulu. Lero ndi nyumba ya cikumbutso. Munthu amene anatuluka m'kanyumba kameneka analamulira Zambia zaka 27, ndipo zambiri mwa zakazo anazitha akulimbana ndi funso lomweli, nthawi zina ndege za adani zili kuuluka pamwamba pa mzinda.

Zimene makolo athu anaona

Pa 11 November 1965, boma la azungu ocepa la a Ian Smith ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, linadzipatsa lokha ufulu popanda cilolezo ca Britain, pofuna kuti anthu akuda asalamulire. Zambia inakana kulivomereza boma limenelo. Inalandira othawa kwao ndi omenyera ufulu a ku Zimbabwe, Namibia, South Africa, Angola ndi Mozambique. Zipani zao zinali ndi maofesi pa Liberation Centre, m'mbali mwa msewu wa Chilimbulu, womwe uja tiyendamo pocoka ku Kamwala kupita ku Chilenje.

Mphotho ya kucereza alendo kumeneku inali mabomba. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi misasa ina ku Mkushi. Woyendetsa ndege wina, wodzicha Green Leader, anauza a pa bwalo la ndege la Lusaka pa wailesi kuti ndege za Zambia zisayese kunyamuka. A Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZAPU, ananena kuti ku Chikumbi kokha kunafa anthu oposa 200. Pa Lacisanu Loyera, 13 April 1979, asilikali a Rhodesia analowa ndi magalimoto usiku mpaka m'kati mwa Lusaka, naononga nyumba ya a Nkomo pafupi ndi State House. Mu October ndi November caka comweco anagumula maulalo athu, pakati pake wa njanji pa Chambeshi ndi wa msewu wa Great East pa Chongwe. Pa 19 May 1986 ndege za South Africa nazo zinaponya mabomba pa msasa wa othawa kwao ku Makeni.

A Smith anali nalo yankho lao. Anati iwo samenyana ndi Zambia, angotsata zigawenga zimene Zambia isunga, makamaka asilikali a ZAPU atagwetsa ndege ya anthu wamba ya Air Rhodesia mu September 1978. Kugwetsa ndege ija kunalidi koipa, pakuti munafa anthu osalakwa. Koma taonani, palibe dziko linalowapo kwa mnansi ndi mfuti lopanda cifukwa cokoma kumva. Lina liti tidziteteza. Lina liti nthaka iyi inali ya makolo athu. Lina liti tapita kukapulumutsa abale athu. N'cifukwa cake maiko, popanga bungwe la United Nations mu 1945, anagwirizana kuti dziko lisagwiritse nchito zida polanda kapena poopseza nthaka ya linzake. Mu 1964, ku Cairo, atsogoleri a mu Africa analonjezananso kulemekeza malire amene anawapeza polandira ufulu, ngakhale kuti anawajambula ndi atsamunda. Dziko ngati lathu, lopanda doko, lozingidwa ndi anansi 8, lilibe mpanda wina wolimba koposa lamulo limenelo.

Kuchula colakwa ndi dzina lake

Cinthu coyamba cimene anansi ayenera kucita ndico kunena poyera kuti wolakwa ndani. Mu October 1978, mwezi womwewo wa Chikumbi, asilikali a Idi Amin wa ku Uganda analowa mu Tanzania nalanda dera la Kagera. Anapha anthu, anafunkha ng'ombe ndi katundu, ndipo Amin analengeza kuti deralo tsopano ndi la Uganda. A Julius Nyerere anapempha bungwe la umodzi wa Africa, la OAU, kuti lidzudzule Uganda. Bungwelo linatuma amkhalapakati, koma silinafune kuloza cala wolakwa. A Nyerere anakana kukambirana kotero. Asilikali a Tanzania anapirikitsa a Amin mpaka kulanda mzinda wa Kampala mu April 1979, ndipo ena anati pamenepo nayo Tanzania yalumpha malire a mnzake. Mungathe kutsutsana nokha ngati a Nyerere anapyola muyeso kapena iai. Cimene cili coonekera n'cakuti kukhala cete kwa anansi sikunabweretse mtendere. Kunasiya wolakwiridwa ndi njira imodzi cabe, ya mfuti.

Zotere tiziona ngakhale m'komboni. Munthu asuntha cizindikiro ca malire a poloti usiku, namanga cimbudzi pa malo a mnzake. M'mawa a komiti abwera, nati: "Nonse awiri lekani kukangana." Wolanda uja abwerera kunyumba akumwetulira, pakuti cimbudzi cake cikali ciimire. Mau akuti "nonse awiri" amveka ofatsa, koma aika wakuba ndi wobedwa pa mpando umodzi.

Kumbukirani nkhani ya m'buku loyamba la Mafumu, mutu 21. Mfumu Ahabu inasirira munda wamphesa wa Naboti, mnansi wake, ndipo inautenga Naboti ataphedwa. Mneneri Eliya anatsikira kumunda komweko, nayang'anana ndi mfumu maso ndi maso, naiuza mlandu wake osaphimba. Zindikirani zinthu ziwiri zimene Eliya anacita pa ulendo umodzi: anachula chimo, ndiponso anapita kukakamba ndi wocimwayo. Nkhani yathu yonse yagona pamenepo.

Amalipira ndani?

Kudzudzula n'kosavuta ngati sikukudyera kanthu. Zambia kunaidyera zambiri. Mu 1965 pafupifupi katundu wathu yense, mkuwa wotuluka, mafuta ndi malasha olowa, anali kudzera ku Rhodesia. Njira ya mafuta itatsekedwa, petulo inayamba kugulidwa ndi makuponi. Malole ananyamula madiramu a mafuta kucokera ku Dar es Salaam pa msewu wafumbi wa Great North, umene madalaivala anaucha Hell Run cifukwa ca kuculuka kwa ngozi. Mu 1968 paipi ya mafuta ya TAZAMA inafika ku Ndola. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 mpaka 1975. Mu January 1973 a Smith anatseka malire pofuna kulanga Zambia. Patapita milungu yocepa anawatsegula, koma a Kaunda anati kumbali yathu akhalabe otseka.

Kafunseni ambuye anu ku Matero, ku Chawama kapena ku Kanyama za mizere ya sopo, saladi, shuga ndi unga ya m'zaka za m'ma 1970. Si zonse zinabwera cifukwa ca malire. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, mafuta anakwera pa dziko lonse, ndipo boma lenilenilo linalakwitsa zina poyendetsa cuma. Komabe malire otseka anaonjezera katundu pamutu pa osauka. Apa pali funso la cikumbumtima limene sitiyenera kulilumpha: mtsogoleri akaima nji pa cilungamo, amalipira ndani? Kawirikawiri si iye amene adzuka mbandakuca kukaima pa mzere ndi mwana kumbuyo.

Mu October 1978, feteleza atakakamira kunja kwa dziko mvula ili pafupi, a Kaunda anatsegulanso njanji ya kumwera yodzera ku Rhodesia. Ena anati agonja. Ine ndiona kuti anacita bwino, pakuti mtsogoleri alibe ufulu wogonetsa ana a eni ake ndi njala kuti dzina lake limveke la ngwazi. Koma tisadzinyenge kuti kufewa kumeneko kunafewetsa mdani. Patangopita masiku ocepa, ndege zija zinafika ku Chikumbi. Cilango copatsa dziko lacifwamba ciyenera kuyesedwa ndi mphamvu za anthu amene adzacisenza, ndipo maiko olemera amene alimbikitsa zilango ayenera kuthandiza mnansi wosauka amene zimupweteka koyamba.

Kukamba ndi mdani

Cimene cinadabwitsa ambiri n'cakuti a Kaunda omwewo, amene anasunga omenyera ufulu ndi kutseka malire, sanaleke kukamba ndi adani. Mu April 1969 atsogoleri a maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa anakumana mu Lusaka, nalemba cikalata cochedwa Lusaka Manifesto. Mfundo yake inali yakuti iwo akonda kukambirana koposa kumenyana, malinga ngati maboma a azungu avomereza kuti anthu onse ndi ofanana. Akakana, iwo adzathandiza omenyera ufulu. Mu August 1975 a Kaunda anakumana ndi a John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, ku Victoria Falls, kumene ngolo ya sitima inaimikidwa pakati pa ulalo kuti a Smith ndi atsogoleri akuda a ku Zimbabwe akambiranemo. Mu April 1982 anakumananso ndi a P. W. Botha pa malire a Botswana ndi South Africa. Mu February 1984, muno mu Lusaka, South Africa inalonjeza kucotsa asilikali ake kumwera kwa Angola.

Wotsutsa ali ndi zambiri zonena pamenepa, ndipo timumvere. Zokambirana za pa ulalo zinalephera, ndipo patangopita miyezi iwiri, mu October 1975, asilikali a South Africa analowa mu Angola. Lonjezo la 1984 analisunga mozengereza, kenaka anabwereranso, ndipo mu 1986 anaponya mabomba ku Makeni. Kodi misonkhano ija siinangowapatsa nkhope yabwino m'manyuzipepala ndi mpata wopuma? Mbali ina n'zoona. Wacifwamba atha kugwiritsa nchito tebulo monga agwiritsira nchito mfuti. Atha kubwera kudzataitsa anzake nthawi, kapena kudzagawanitsa adani ake.

Koma taonani mmene nkhondo zija zinathera. Palibe msilikali wa Zambia amene analanda Salisbury kapena Pretoria. Mu August 1979, patangopita miyezi inai nyumba ya a Nkomo itaphulitsidwa, atsogoleri a maiko a Commonwealth anasonkhana mu Lusaka, ndipo mai Margaret Thatcher a ku Britain anavomera kuitanitsa msonkhano wa mbali zonse. Msonkhanowo unacitikira ku Lancaster House mu London kuyambira September mpaka December. Maulalo athu anali kugumulidwa nthumwi zili pa tebulo, koma tebulolo silinagubuduzidwe, ndipo pa 18 April 1980 Zimbabwe inalandira ufulu. Mu 1988 South Africa inacotsa asilikali ake mu Angola, ndipo pangano la ku New York la mu December caka comweco linatsegula njira ya ufulu wa Namibia, umene unafika pa 21 March 1990. Mu August 1989 a Kaunda anakumana ndi a F. W. de Klerk ku Livingstone. Mu February 1990 a Nelson Mandela anatuluka m'ndende, ndipo mwezi womwewo anafika ku Lusaka.

Nanga cinasintha n'ciani pakati pa 1975 ndi 1979, kapena pakati pa 1984 ndi 1988? Cinasintha ndi mtengo wa nkhondo kwa oiyambitsa. Zilango za zacuma zinaluma, anyamata ao anali kufa, azungu ambiri anali kusamuka ku Rhodesia, ndipo ku Cuito Cuanavale mu Angola asilikali a South Africa anapeza kuti sangathe kupita patsogolo. Kukamba kokha kunalephera pamene mdani anali asanatope. Kumutsekereza kokha nako kukadangotalikitsa maliro, pakuti alenje adziwa kuti nguluwe yotsekeredwa mbali zonse ithamangira mwini mkondo. Zinagwira nchito pamene zinayendera pamodzi: dzanja limodzi likufinya, lina litagwira citseko cotulukira.

Pali malire amodzi amene mkhalapakati sayenera kuwapyola. Iye alibe ufulu wogawa munda wa mwini. N'kosavuta kwa munthu wokhala kutali kuuza wolandidwa kuti asiyeko theka la nthaka yake kuti phokoso lithe. Ngati wolandidwayo, atayesa maliro a ana ake, asankha yekha kusiyako kanthu, cimeneco ndi cisankho cake cowawa. Koma anansi akamukakamiza, aphunzitsa acifwamba onse kuti kulanda kumapindulitsa.

Wolakwa akakhala bwenzi lako

Kudzudzula a Smith kapena a Botha sikunali kovuta kwa munthu wa ku Zambia. Yeso lenileni lifika pamene wolumpha malire ndi bwenzi. A Kaunda anali pa ubwenzi ndi a Saddam Hussein a ku Iraq, kotero kuti msewu wina wa mu Lusaka unachedwa dzina lao. Ndi uja lero uchedwa Los Angeles Boulevard. Ubwenziwo unali ndi zipatso zake. Mu July 1990 a Saddam anamasula nesi wa ku Britain amene anali m'ndende ku Iraq, cifukwa ca pempho la a Kaunda. Pasanathe mwezi, pa 2 August 1990, Iraq inalowa mu Kuwait, kenaka inalengeza kuti dziko laling'onolo ndi cigawo cake. United Nations inalamula kuti asilikaliwo akhale atacoka pofika 15 January 1991. Mu January momwemo a Kaunda anaulukira ku Baghdad kukayesa kupewetsa nkhondo. Sizinatheke. Nkhondo inayamba pa 17 January, ndipo pakutha kwa February asilikali a Iraq anali atapirikitsidwa.

Ulendo wa ku Baghdad sitiyenera kuunyoza, pakuti bwenzi alowa m'nyumba imene mdani sangalowe. Koma bwenzi alowamo kuti akanene ciani? Kuwait linali dziko laling'ono, lokhala ndi mnansi wamphamvu amene anali ndi zifukwa zokoma kumva. Kodi linasiyana pati ndi ife pa tsiku la Chikumbi? Amene analira maliro a Chikumbi sangathe kucepsa maliro a Kuwait. Muyeso womwewo ugwiranso pa amphamvu a kumadzulo. Mu 2003 America ndi Britain anathira nkhondo Iraq, ndipo a Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations, ananena mu 2004 kuti nkhondoyo inali yosemphana ndi malamulo a bungwelo. Sikelo imene isintha malinga ndi nkhope ya wogula ndi sikelo yakuba.

Yeso lomweli linatibwerera pa 24 February 2022, pamene Russia inathira nkhondo Ukraine. Maiko ambiri a mu Africa anazengereza, pokumbukira kuti Soviet Union inapereka zida ndi maphunziro kwa ZAPU, ANC, SWAPO ndi MPLA pa nthawi ya mavuto. Kuthokoza ndi khalidwe labwino, ngakhale tikumbukirenso kuti pa nthawiyo Ukraine nayo inali mbali ya Soviet Union. Pa 2 March 2022 maiko 141 anavota ku United Nations kudzudzula Russia, 5 anakana, ndipo 35 sanaonetse mbali. Zambia ndi Malawi anali mwa 141 aja. South Africa, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania, Angola ndi Namibia sanaonetse mbali. Mu June 2023 a Hakainde Hichilema anapita pamodzi ndi a Cyril Ramaphosa ndi atsogoleri ena a mu Africa ku Kyiv ndi ku St Petersburg kukakamba ndi mbali zonse ziwiri. Ulendowo sunaimitse nkhondo. Komabe dongosolo lake linali loyenera: kuyamba wanena poyera kuti kulowerera mnansi n'kulakwa, ndiyeno kupita kukagogoda pa citseko ca wolakwayo.

Wina asati nkhondo ya kutali siitikhudza. Mu 2022 mitengo ya feteleza, tirigu ndi mafuta inakwera mpaka m'misika yathu. Mu September caka comweco mnyamata wa ku Zambia wa zaka 23, amene anapita ku Moscow kukaphunzira, anafera ku nkhondo ku Ukraine atatengedwa m'ndende ya ku Russia ndi gulu la Wagner. Anali wa msinkhu wanu. Paja akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mbali yanu ndi iti?

Ambiri a inu simudzakhala akazembe, koma mudzavota, mudzaphunzitsa, ndipo ena mudzaitanidwa kukhala pakati pa anthu olandana poloti, sitandi ya pa msika kapena cuma ca masiye. Pamenepo musathamangire kunena kuti "nonse awiri" musanafunse amene anasuntha malire. Musalimbikitse cilango cimene cidzasenzedwa ndi ena inu muli pa mthunzi. Musacite manyazi kukhala pansi ndi wolakwa, malinga ngati iye adziwa kale kuti simunabwere kudzadalitsa kulanda kwake. Ndipo wolakwayo akakhala wa cipani canu, wa mtundu wanu kapena wa mpingo wanu, nenani mau omwewo amene mukadanena kwa mlendo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi a Kaunda anacita bwino kutsegula njanji ya kumwera mu October 1978? Mukadakhala mlimi wodikira feteleza mukadayankha bwanji? Nanga mukadakhala wothawa kwao wa ku Zimbabwe?

2. Tanzania inapyola malire ake mpaka kufika ku Kampala. Kodi kudziteteza kuthera pati?

3. Kodi dziko limene linatithandiza kale tili nalo ngongole ya kukhala cete likalakwira mnansi wake?

4. Pemphani munthu wamkulu wa mu mpingo mwanu amene anali mu Lusaka mu 1978 ndi 1979 kuti adzakusimbireni zimene anaona, ndipo mumufunse ngati mtengo umene analipira unali woyenera.